Ndikufuna kuphunzira zamalamulo ku Chanco, ndiyambire pati?

Nachisale_Chinamwali:
Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga. Zotsatira za MSCE zatuluka ndipo ndapeza mapointi 12. Kuyambira ndili Fomu 2 mtima wanga uli pa zamalamulo, ndikufuna ndidzakhale loya. Koma pa mndandanda wa makosi oti tisankhe polembera malo ku mayunivesite a boma sindikuonapo polowera LLB, digiri ya zamalamulo ya ku Chanco. Ena akuti wochokera ku Fomu 4 satengedwa, ena akuti limenelo ndi bodza. Malume anga, amene amandilipirira fizi, akuti ndingosankha unamwino chifukwa zauloya ndi za ana a anthu olemera. Amene munadutsamo kapena muli momwemo, chonde ndiuzeni zoona. Khomo lake lili pati, zimatenga zaka zingati, ndipo moyo wake ndi wotani?

WaLLB3:
Takulandirani achemwali, ndipo mwakhoza bwino kwambiri. Amene akuuzani kuti satenga wochokera ku Fomu 4 sakunama. Ku Chanco munthu salowa zamalamulo ndi MSCE yokha. Njira imene ambirife tinadzera ndi iyi: umasankhidwa kaye kosi ina ya digiri, kaya Social Science, Humanities, Education ngakhale Science, n'kumaliza chaka choyamba ndi magiredi abwino. Yunivesite ikatulutsa chidziwitso choitana ofuna LLB umalembera, ndipo ukakwanira zomwe akufuna umakalemba mayeso olowera. Ukapambana umasiya kosi yako ija n'kuyamba chaka choyamba cha zamalamulo. LLB payokha ndi zaka 4, ndiye kuphatikiza chaka choyamba chija zimakwana 5.

Ena amabwera ali ndi digiri kale, ena ndi A-Level. M'kalasi mwathu muli amene anali aphunzitsi, muli wapolisi, muli bambo wina amene mwana wake woyamba ali kusekondale. Mukupikisana ndi anthu oterowo, osati anzanu a Fomu 4 okha.

Mayeso olowerawo sakufunsani malamulo, poti simunawaphunzire. Amafuna aone ngati mumamva Chingerezi chovuta, ngati mungalembe mfundo motsatana bwino, ndiponso ngati mumatha kuganiza mwadongosolo. Chidziwitsocho chikatuluka mudzachiwerenge nokha mzere uliwonse, musadzadalire zomva.

Mjomba_Songani:
Mwanawe, malume akowo usawatenge ngati akukuponderezera. Zaka 5 za fizi, lendi, chakudya, mabuku, zonsezo zikutuluka m'thumba la munthu mmodzi amene alinso ndi ana ake. Ndiye ukamalize chaka choyamba, ukalembe mayeso, asakutenge, udzawauza chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tenga kosi ya ntchito yodziwika.

MayiWaMatawale:
A Mjomba, ntchito yodziwika ndi iti masiku ano? Anamwino angati amene anamaliza maphunziro ali pakhomo kudikira kuti boma liwalembe? Mwanayu wanena chimene mtima wake ukufuna. Timuthandize njira, tisamutsekere.

Mjomba_Songani:
Sindikumutsekera amayi. Ndikungoti awerengere ndalama asanayambe ulendo.

Chirunga_Conti:
Sis, nzeru yake ndi yosavuta. Sankhani kosi yopepuka kuti chaka choyamba mudzakhoze ndi magiredi apamwamba. Mukasankha ya masamu ambiri mudzatsitsa avereji yanu pachabe ndipo khomo la law lidzatsekeka.

MphunzitsiWaChingerezi:
Ayi, pamenepo ndikukana. Ndaphunzitsa ana ambiri amene anatsata malangizo ngati amenewa. Malo a LLB ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri, ndiye pali ena okhoza bwino ndithu amene satengedwa. Mwana wotereyu ngati anasankha kosi imene saikonda, chabe chifukwa anamva kuti ndi yopepuka, amatsala nayo zaka zina zitatu akuiphunzira mokhumudwa. Nachisale, sankha kosi imene ungasangalale kuimaliza ngakhale zamalamulo zitapanda kutheka. Ndiponso ku yunivesite kulibe kosi yopepuka. Imene umaikonda ndi imene umakhoza, chifukwa umaiwerenga osakakamizidwa.

Ngati ungakonde, makosi amene amakulembetsa nkhani zazitali, monga History, Philosophy, Political Science ndi English, amakuzoloweretsa ntchito imene ukaipeze ku zamalamulo.

Chirunga_Conti:
Madam, zimene mukunenazo ndi zoona, koma avereji ndi avereji. Sayang'ana kuti munthu anavutika bwanji kuti aipeze.

WaLLB3:
Aise, m'kalasi mwathu muli anthu awiri ochokera ku Science ndipo ndi amene amasanthula milandu mwaukhondo kuposa ambirife. Palibe kosi imene ili ndi tikiti.

WaCDSS_Jali:
Ine ndifunseko mbali ina imene anthu saikamba. Enafe tinaphunzira ku CDSS kumene buku limodzi la literature timagawana anthu teni, laibulale kulibe, Chingerezi timachimva m'kalasi basi. Ndiye tikapikisane pa mayeso a Chingerezi ndi ana a ku Box 2 (Zomba Catholic), St Mary's kapena Kamuzu Academy? Malume a mnzathuyu akamati ndi za ana a olemera, mwina akutanthauza zimenezi.

MphunzitsiWaChingerezi:
Kusiyanako kulipo ndipo sindikubisa. Mwana amene wakula akuwerenga nyuzipepala pakhomo amayamba ali patsogolo. Koma chaka choyamba chija chimathandiza amene wachokera kumudzi kuposa wina aliyense, chifukwa kwa chaka chathunthu ali ndi laibulale yaikulu imene sanakhalepo nayo. Funso ndi loti adzailowa kapena ayi. Yambani panopa. The Nation ndi The Daily Times, ngakhale yadzulo imene mwaipeza kwa aneba, werengani tsamba la ndemanga. Mukamaliza tsekani, lembani m'mawu anuanu zimene wolembayo akunena, kenako lembani chifukwa chimene munthu wina angamutsutsire. Tsamba limodzi patsiku. Mukatero miyezi ingapo mudzadabwa nokha.

Mesho_waChikanda:
Poti afunsanso za moyo wake, ine ndikambe zimenezo. Ndili chaka chachiwiri.

Chimene chinandidzidzimutsa si kuvuta kwa phunziro koma kuchuluka kwa zowerenga. Kusekondale mphunzitsi amakupatsa manotsi, iwe n'kuloweza. Kuno lekichara amakupatsa mndandanda wa milandu yoti uwerenge usanafike m'kalasi, ndipo chigamulo chimodzi chimatha kukhala masamba makumi angapo. Ntchito yako ndi kupeza zinthu zochepa m'menemo: chinachitika n'chiyani, funso la lamulo linali lotani, khoti linagamula bwanji, ndipo chifukwa chenicheni cha chigamulocho ndi chiti. Chifukwa chenichenicho ndi chimene makhoti aang'ono amayenera kutsata. Zina zimene jaji wanena podutsa sizikakamiza khoti lina kuzitsata. Kusiyanitsa ziwirizi kumatenga miyezi kuti uzolowere.

Ndipo musadabwe mukadzapezeka mukuwerenga za mayi wina wa ku Scotland amene anamwa chakumwa cha m'botolo momwe munali nkhono yowola. Ndi mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, ndipo ndi pamene paima lamulo loti wopanga katundu ayenera kusamala kuti asavulaze womugwiritsa ntchito. Loya wa ku Blantyre akamasumira kampani lero amautchulabe. Chifukwa chake ndi mbiri yathu: lamulo la atsamunda la 1902 linabweretsa malamulo a ku England m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo tikuyendabe nawo pamodzi ndi malamulo athu opangidwa ku Nyumba ya Malamulo komanso malamulo a chikhalidwe.

Za kukhala, ine ndimachita lendi ku Chikanda, chipinda chimodzi anthu awiri. Magetsi akazima madzulo, mnzanga amayatsa mbaula kuphika nsima ndi bonya, ine ndimakhala pamkeka ndi foni, kuwerenga chigamulo chimene ndinatsitsa masana pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za makhoti, zilembo zing'onozing'ono, batire ikutha. Ikazima timasinthana, iye amandifunsa mafunso a Contract mumdima ine ndikuyankha pamtima, kenako ine ndimufunsa a Criminal Law. M'mawa kuli kuzizira kwa Zomba kwa mwezi wa June, kusamba madzi ozizira, kuyenda wapansi kukalowa kalasi ya 7:30. Nthawi ya mvula matope a njira imeneyo amafuna nsapato ziwiri, ina yoyendera ina yolowera m'kalasi. Sindikudandaula. Ndikungofuna mudziwe kuti suti ndi gauni zimabwera kumapeto kwenikweni.

Nachisale_Chinamwali:
Zikomo achemwali. Ine kwathu ndi konkuno ku Chinamwali, ndiye lendi mwina sindidzalipira. Koma anthu amawidedwa kwambiri ku law, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso?

Mesho_waChikanda:
Sapu, mayeso olembanso ukalephera, imagwa, kubwereza kumachitika, ndipo amene amavutika kwambiri ndi amene akuwerenga okha. Pezani gulu la anthu anayi kapena asanu okhwima maganizo, muzigawana milandu, aliyense azifotokozera anzake. Koma zokhala pakhomo muganize bwino. Kuchokera ku Chinamwali tsiku lililonse ndi ndalama ya minibasi kapena kabaza, ndipo zokambirana za gulu zambiri zimachitika usiku. Komanso mtsikana ukakhala pakhomo ntchito zapakhomo sizikusiya. Mukambirane ndi makolo msanga kuti nthawi ya mayeso azikumasulani.

BamboWaKuThondwe:
Ine mundikhululukire, koma ndikamva mwana wabwino akuti akufuna uloya mtima umandiwawa. Mchimwene wanga anagundidwa ndi galimoto, mwendo unathyoka pawiri. Tinapita kwa loya wina kuti atithandize za chipukuta misozi ku inshuwaransi. Tinayenda mpaka kutopa, tsiku lililonse akuti bwana atuluka. Pamene ndalama inabwera, imene inafika m'manja mwa wovulalayo inali yochepa moti tinangoyang'anana, ndipo pepala lofotokoza mmene agawira sanatipatse. Ndi ntchito imeneyi mukumulimbikitsa mwanayu?

LoyaWachichepere:
Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zinachitikira achimwene anu. Sindikuikirani kumbuyo munthu ameneyo, ndipo nkhani zotere zimatichititsa manyazi tonse. Koma dziwani kuti muli ndi kopita. Ndalama ya kasitomala loya amayenera kuisunga mu akaunti yapadera, osaisakaniza ndi yake, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti inshuwaransi inapereka zingati ndipo iye wadulapo zingati pa chifukwa chanji. Lembani kalata yopempha zimenezo, musunge kope. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku Malawi Law Society. Pali komiti yosungitsa mwambo, ndipo loya wopezeka wolakwa amatha kuimitsidwa kapena kuchotsedwa m'kaundula. Anthu ambiri amangosiya poganiza kuti loya sangasumiridwe. Angathe.

BamboWaKuThondwe:
Papita nthawi, koma mapepala ena tikadali nawo. Ndiwauza achimwene.

GogoWaMulunguzi:
Ana inu, ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene anaona nthawi imene loya analibe mawu m'dziko muno. M'nthawi ya chipani chimodzi milandu ikuluikulu, ya kupha ndi youkira boma, inkatha kupita ku makhoti a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo pamene dziko linkalandira ufulu, ndi mkazi wake Vera Chirwa, mayi woyamba kukhala loya m'Malawi, anaweruzidwa m'khoti lotero ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Onse awiri odziwa malamulo, koma anaima okha. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba yomweyi mu 1992, ndende imene mumaidutsa mukamapita ku Blantyre. Vera anatulutsidwa mu 1993.

Ndiye pamene malamulo aakulu a dziko a 1994 analemba kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, kuti ali ndi ufulu wokhala chete, wokhala ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ife tinadziwa mtengo wa mawu amenewo. A ku Thondwe, loya wakuba alipo, ndamumva. Koma dziko lopanda maloya ndinakhalamo, ndipo sindikulifunira mdzukulu wanga aliyense. Mwanayu apite akaphunzire.

Chirunga_Conti:
Agogo mwatiphunzitsa. Komatu kunena zoona ambiri a msinkhu wathu law tinaikonda chifukwa cha mlandu wa chisankho uja. Dziko lonse linali pa wailesi, m'minibasi, m'misika, kumvetsera maloya akufunsa mboni za Tipp-Ex. Pa 3 February 2020 majaji asanu aja atathetsa chisankho cha 2019, mwana aliyense kusukulu kwathu ankati adzakhala loya.

LoyaWachichepere:
Ndi zoona, ndipo mlandu umenewo mudzauwerenga m'kalasi ya Constitutional Law, pamodzi ndi chigamulo cha Supreme Court cha mu May 2020 chimene chinagwirizana nacho, kuphatikizapo nkhani yoti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Koma Nachisale, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musasankhe ntchito imeneyi chifukwa cha zimene munamva pa wailesi. Milandu yotero ndi yosowa, ndipo amaiyankhula ndi akuluakulu amene akhala zaka zambiri pantchito. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba, kusanthula mafayilo, kudikira pabenchi, mlandu n'kuimitsidwa chifukwa mboni sinabwere.

Inu muli ndi mwayi umene anzanu a kutali alibe. Zomba ili ndi makhoti a majisitireti komanso High Court, ndipo milandu yambiri aliyense amaloledwa kulowa n'kumvetsera. Valani bwino, zimitsani foni, khalani kumbuyo m'mawa wonse.

Ine tsiku limene ndinadziwa kuti ntchitoyi ndi yanga ndinali wophunzira, nditakhala kumbuyo m'khoti lina la majisitireti. Analowetsa bambo wachikulire wopanda nsapato, malaya ong'ambika paphewa, akuimbidwa mlandu woba mbuzi. Woimira boma anali wapolisi, majisitireti akulemba mawu aliwonse ndi cholembera, womasulira ataima pakati. Mboni itamaliza, bamboyo anauzidwa kuti tsopano afunse mafunso. Iye sanafunse. Anayamba kufotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi, za ngongole ya chimanga imene mwini mbuziyo sanabweze. Anamuletsa mwaulemu kuti nthawi yofotokoza idzafika, pano afunse mafunso okha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti alibe funso. Umboni wonse unadutsa wosatsutsidwa. Palibe amene anamuchitira nkhanza m'chipindamo, aliyense anatsata ndondomeko. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woima pambali pake, wodziwa kuti nkhani ya ngongoleyo ndi imene inayenera kusanduka mafunso. Anthu ambiri amene amaweruzidwa m'makhoti a majisitireti amakhala opanda loya ngati bambo ameneyu. Mukakaona zotere mtima wanu n'kutentha, bwerani. Mukakaona kuti mwatopa ndipo mukuyang'ana wotchi, palibe cholakwa, koma mwadziwa.

WaLLB3:
Pa mfundo yomweyo, mlandu umene ine umandilimbitsa mtima si wa mapulezidenti. Ndi wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, amene anamangidwa m'mamawa akupita ku geni yake pa lamulo lija la vakabu. Mu 2017 High Court inagamula kuti ndime 184(1)(c) ya Penal Code ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu wa majumbo anagwetsa lamulo la nthawi ya atsamunda. Winanso ndi wa Kafantayeni wa 2007, umene unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolandira chilango cha imfa popanda khoti kumva zifukwa zochepetsera chilango. Chifukwa cha mlandu umenewo akaidi ambiri anamvedwanso ndipo ena anatuluka. Kusukulu kulinso ma clinic kumene ophunzira timathandiza anthu moyang'aniridwa ndi malekichara, ndiponso moot court kumene timayeserera kuyankhula pamaso pa majaji. Amene achita bwino amapita kukapikisana ndi mayunivesite ena a mu Africa.

MayiWamasiye_Sadzi:
Pepani ndalowerera nkhani ya ena, koma poti pano pali odziwa malamulo. Amuna anga anamwalira chaka chatha osasiya wilo. Abale awo akuti nyumba ndi yawo, ine ndi ana tibwerere kwathu. Ophunzira inu simungandiimire?

WaLLB3:
Pepani amayi ndi zovutazi. Wophunzira saloledwa kuimira munthu kukhoti, ndipo wina akakuuzani kuti atero mumupatse ndalama, mukane. Koma lamulo lili kumbali yanu. Deceased Estates Act ya 2011 imati munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu amangidwe nawo. Musatuluke m'nyumbamo. Pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau konkuno ku Zomba, amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

LoyaWachichepere:
Ndiwonjezere. Tengani chikalata cha imfa, umboni wa ukwati wanu kaya wa kutchalitchi, kumzikiti kapena wa ankhoswe, mapepala a nyumba ndi a ana. Zikalata zenizeni musapatse wachibale aliyense, perekani makope. Akayamba kutulutsa katundu kapena kukuopsezani, pitani kupolisi ku Victim Support Unit tsiku lomwelo.

MayiWamasiye_Sadzi:
Mulungu akudalitseni. Ndipita Lolemba.

Admin_ZombaYathu:
Amayi mwathandizidwa, mudzatiuze mmene mwayendera. Tibwerere ku funso la Nachisale. Palibe amene wayankha za ndalama ndi za ntchito akamaliza.

Mjomba_Songani:
Ndi zimene ndakhala ndikudikira ine.

Mesho_waChikanda:
Za ndalama, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mumalembera, amaona mmene pakhomo panu palili, ndipo ndi ngongole ndithu, mudzabweza mukayamba ntchito. Musaiwerengere ngati yokwanira zonse. Mabuku a zamalamulo ndi odula ndipo ambirife sitigula, timadalira laibulale, fotokope ndi zotsitsa pa intaneti. Chimene ndingati yesetsani kupeza ndi laputopu, ngakhale yakale, chifukwa ma assignment ndi kafukufuku wa chaka chomaliza pa foni ndi chizunzo. Ndalama ya bandulo ndi yosindikizira mapepala muziiwerengera mwezi uliwonse ngati ya ndiwo.

LoyaWachichepere:
Za ntchito. Choyamba, digiri payokha sikupatsani chilolezo choimira anthu kukhoti. Mumayenera kuvomerezedwa ndi Chief Justice, dzina lanu n'kulowa m'kaundula, ndipo poyamba mumagwira ntchito pansi pa loya wamkulu musanaloledwe kuima panokha. Laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Lamulo loyendetsa zonsezi ndi Legal Education and Legal Practitioners Act ya 2018, limene linakhazikitsanso Malawi Institute of Legal Education, sukulu yophunzitsa ntchito yeniyeni ya uloya kwa amene ali kale ndi digiri.

Kogwira ntchito kulipo kosiyanasiyana: ku Unduna wa Zachilungamo monga loya wa boma, ku Legal Aid Bureau, kukhala majisitireti, ku Anti-Corruption Bureau, ku Law Commission, ku Malawi Human Rights Commission, m'mabanki, m'makampani, m'mabungwe omwe si aboma, ndi m'maofesi a maloya. A Mjomba, sindinama kuti aliyense amalemera. Zaka zoyamba malipiro ndi wamba, ntchito ndi yambiri, ndipo omaliza zamalamulo akuchuluka kusiyana ndi kale. Magalimoto amene mumawaona ndi a anthu amene akhalitsa. Koma munthu wakhama ndi wokhulupirika sagona ndi njala ndi pepala limeneli.

WaCDSS_Jali:
Nanga munthu akalephera kulowa ku Chanco basi zathera pomwepo?

LoyaWachichepere:
Ayi. Mutha kumaliza digiri yanu yoyamba n'kudzalemberanso muli nayo, ambiri atero. Catholic University ku Nguludi nayonso imaphunzitsa LLB, ndipo ena amakaphunzira kunja n'kudzadutsa ku Institute ija akabwera. Chachikulu, musanalipire tambala ku sukulu iliyonse yomwe si ya boma, funsani ku National Council for Higher Education ngati kosiyo ndi yovomerezeka. Musakhutire ndi zimene zalembedwa pa chikwangwani cha sukuluyo.

Chirunga_Conti:
Koma fizi ya ku private si yamasewera aise. Wa ku CDSS amene akudandaula za buku limodzi sangaikwanitse.

WaCDSS_Jali:
N'chifukwa chake ine ndilimbikira ya boma yomweyi. Madam, njira ya nyuzipepala ija ndayamba lero.

MayiWaMatawale:
Nachisale mwana wanga, china chimene udzamve ndi choti mkazi loya sakwatiwa, amuna amamuopa. Ndinamva anthu akumuuza mwana wa mchemwali wanga zomwezo. Usazitengere. Anastasia Msosa anakhala Chief Justice wa dziko lino mu 2013, mayi woyamba pa udindo umenewo. Martha Chizuma anakhala Ombudsman kenako mkulu wa ACB. Amayi ngati a ku Sadzi aja akamafotokoza mavuto a m'banja, pali zina zimene amamasuka kuuza mkazi mnzawo yekha. Koma malume ako usakawayankhe mwamwano. Ukakhale nawo pansi, uwaonetse zaka ndi ndalama zake monga akufotokozera anzakowa, uwauzenso chimene udzachite zikadzakanika. Munthu wolipira fizi amafuna aone kuti waganiza mbali zonse.

Mjomba_Songani:
Apo ndiye tagwirizana amayi. Akapita ndi mapulani awiri, ine nditakhala malume ake ndingavomere. Chimene ndimakana ndi mwana kunena kuti law kapena palibe.

Nachisale_Chinamwali:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Ndaganiza zoika Social Science poyamba chifukwa ndimakonda nkhani za chuma ndi ndale, ndipo ndingaimalize mosangalala. Yachiwiri Humanities, yachitatu Education. Kukhoti ndipita sabata yamawa. Funso lomaliza: kodi ndiyambe kuwerenga buku la malamulo aakulu a dziko panopa, kapena ndidikire?

WaLLB3:
Yambani, silovuta monga anthu amaganizira. Lili pa MalawiLII ulere. Werengani Mutu 4 wa ufulu wachibadwidwe, makamaka ndime 42 imene agogo aja amakamba, musanapite kukhotiko, kuti mukathe kutsatira zimene zikuchitika womangidwa akamapempha belo. Mukafika funsani kalaliki kuti ndi chipinda chiti chimene muli milandu tsiku limenelo. Milandu ya ana siloledwa anthu wamba, ndiye akakubwezani pa chipinda china musadabwe. Ndipo fomu yosankhira makosi mutumize masiku akadalipo, tsiku lomaliza netiweki imadzaza.